Akuti pulasitiki ya m'galimoto sigwira penti? Ayi, imagwira

Kuno ku Chipata anthu ambiri amakhulupirira kuti pulasitiki ya mkati mwa galimoto sigwira penti, ati ukapopera lero mawa yayamba kale kusupuka. Amalume anga amanena zomwezo mpaka pano, inenso ndinkavomera mpaka nditapenta ndekha tizidutswa ta pa zitseko za Vitz yanga.

Vuto si penti ayi. Ndi polishi uja amapaka ku car wash kuti dashibodi iwale, muli silicone mmenemo ndiye penti ikagwerapo imathawa n'kusiya timaenje ting'onoting'ono. Masulani chidutswacho, tsukani ndi sopo wa mbale kawiri ngakhale katatu, chikauma pukutani ndi sipiriti wotchedwa isopropyl alcohol. Thinner musayerekeze, amasungunula pulasitiki ya mtundu wa ABS.

Kenako tembenuzani muone kumbuyo kwake, kumakhala zilembo zosonyeza mtundu wa pulasitikiyo. Mukapeza PP dziwani kuti ndi yovuta ija yomwe inabweretsa mbiri yoipayi, imafuna kaye adhesion promoter, mankhwala othandiza kuti penti igwire, apo ayi pentiyo idzasupukadi ngati khoko la nthochi ndipo amalume adzawina mkangano. Musanapopere chilichonse, kwechani pang'ono ndi sandipepa wa 600, kungochotsa kunyezimira basi.

Popopera musathire yambiri kamodzi poganiza kuti ndiye ilimba, imangoyenderera. Poperani mopyapyala katatu, kachitini katalikire masentimita 20 kapena 25, pakati pake dikirani mphindi 10. Dzuwa la Okutobala limaumitsa penti isanakhazikike, pentani mamawa pamthunzi fumbi lisanayambe.

Koma chivundikiro cha airbag chokha chonde chisiyeni mmene chilili, chija chimayenera kung'ambika bwinobwino pangozi.