Ndalama zothandizira mabizinesi ang'onoang'ono zimathera pati?

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi ya malamulo ndi ndondomeko zoyendetsera mabizinesi, funso lawo limakhala limodzi: ndalama zonse zija timamva kuti ma donor apereka zothandizira mabizinesi ang'onoang'ono zimapita kuti? Ambiri amadikira kuti ndiyankhe kuti zimabedwa. Zina zimabedwadi, koma zambiri zimagwira ntchito yomwe zinabwerera, mawekishopu amachitika, malipoti amalembedwa, ma audit amatuluka bwinobwino, komano mwini shopu kapena kafakitale kakang'ono mawa lake amakaimanso pamzere womwe uja, kudzaza mafomu omwe aja, kulipira malaisensi omwe aja. Ndalamazo zimamwazika chifukwa opereka ndi olandira aliyense akukokera kwake, ndipo izi zimandiwawa chifukwa ndi vuto lotheka kukonza.

Tiyambe tasiyanitsa zinthu ziwiri. Pali thandizo lofika m'manja mwa munthu, monga maphunziro a kasungidwe ka mabuku, ngongole, makina kaya mpamba. Ndiye pali ntchito yokonza malo omwe mabizinesi onse akugwiriramo ntchito, apa tikunena malamulo olembetsera bizinesi, malaisensi, misonkho, makhoti oweruza milandu ya ngongole, chikole chomwe banki ingalandire, nthawi yomwe katundu amakhala paboda. Thandizo loyambalo limafikira anthu mazana kapena masauzande angapo ndipo limaoneka, mutha kujambula zithunzi. Lachiwirilo silijambulika koma likatheka limafikira aliyense, olo munthu yemwe sanamvepo dzina la pulojekitiyo. Mu 1983 gulu la katswiri wa zachuma Hernando de Soto ku Peru linayesa kulembetsa kamalo kosokera zovala ku Lima potsata malamulo onse, zinawatengera masiku 289. Munthu wotero olo mutamuphunzitsa bizinesi mwezi wathunthu, masiku 289 aja akumudikirabe.

Ndiye bwanji ma donor sangogwirizana n'kukonza zimenezi limodzi? Si kuti ndi anthu oipa ayi, ambiri omwe ndagwira nawo ntchito ndi odzipereka zedi. Koma aliyense ali ndi bwana wake kwawo, nyumba ya malamulo ya dziko lake imafuna kudziwa kuti ndalama za okhoma msonkho zachita chani, ndiye chophweka kukanena ndi chakuti taphunzitsa amayi mwakuti, tapereka ngongole mwakuti. Kunena kuti tinathandizana ndi anzathu asanu kusintha ndime ina ya lamulo la malaisensi sikumveka kukoma, ndipo sungaloze kuti gawo langa ndi ili. Onjezani kuti pulojekiti imakhala ya zaka zitatu kapena zisanu pomwe lamulo limatha kutenga nthawi yoposa pamenepo kuti lilembedwe, lidutse ku nduna, ku nyumba ya malamulo, kenako malamulo ake ang'onoang'ono atuluke. Aliyense alinso ndi chaka chake cha ndalama, fomu yake ya lipoti, njira yake yogulira zinthu. Mapeto ake mkulu mmodzi wa ku unduna wa zamalonda amathera sabata akulandira alendo omufunsa mafunso amodzimodzi, ndipo antchito ake akhama amatengedwa kupita kumaofesi apadera a mapulojekiti komwe malipiro ndi okwera, unduna n'kutsala wofooka kuposa kale.

Vutoli linadziwika kalekale. Mu 2005 maiko olemera ndi osauka anasainirana mgwirizano wa ku Paris, mfundo yake yaikulu inali yakuti dziko lolandira thandizo ndilo lizitsogolera, ma donor azitsata mapulani a dzikolo, azigwiritsa ntchito njira zake za boma, ndipo azichitira zinthu limodzi m'malo moti aliyense azibwera payekha. Anakumananso ku Accra mu 2008 ndi ku Busan mu 2011. Koma kafukufuku wa 2011 atawerengera, pa zolinga 13 zomwe anadziikira kuti zikhale zitatheka pofika 2010, chimodzi chokha ndicho chinakwaniritsidwa. Pa nkhani ya mabizinesi palinso komiti ya ma donor yotchedwa DCED yomwe inayamba mu 1979, ndipo mu 2008 inatulutsa malangizo a momwe mabungwe angathandizire kukonza malamulo a bizinesi mogwirizana. Malangizo abwino alipo ndithu. Tanzania inafika pouza ma donor kuti nthawi yokonza bajeti asamabweretse maulendo awo, kuti akuluakulu a boma apeze mpata wogwira ntchito yawo.

Komano apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti ma donor akangogwirizana okhaokha basi zatheka. Ayi. Kusagwirizana kwakukulu kuli m'boma momwemo, ndipo ma donor akabwera amangokukulitsa. Boma si munthu mmodzi. Unduna wa zamalonda umafuna mabizinesi ambiri alembetse, bungwe lotolera misonkho lapatsidwa mlingo wa ndalama woti likwanitse chaka chino, khonsolo ikufuna ndalama zolipira antchito ake ndi kuchotsa zinyalala, a zaumoyo ali ndi satifiketi yawo, a zachilengedwe yawo, oona za miyezo ya katundu yawonso. Tsopano taganizani donor woyamba akuthandiza unduna wa zamalonda kuchepetsa malaisensi, wachiwiri akuthandiza otolera misonkho kuti afikire anthu ambiri, wachitatu ali pa pulojekiti ya mphamvu ku makhonsolo ndipo akuwalimbikitsa kuti azipeza ndalama paokha osangodalira likulu. Aliyense payekha akuchita chinthu chanzeru. Koma khonsolo ikauzidwa kuti ipeze ndalama payokha imayang'ana kuti? Kwa mavenda, kwa eni mashopu, kwa okonza magalimoto, anthu omwe sangathawe. Ndiye laisensi yomwe yachotsedwa ku likulu imabweranso ndi dzina lina kukhonsolo, ndipo mwini bizinesi amaona ngati palibe chasintha, mwinanso zaipiraipira, pomwe mapulojekiti atatu onsewo alemba kuti zolinga zawo zatheka.

Chomwe ambiri sadziwa ndi chakuti laisensi iliyonse ili ndi mwini wake. Pali ofesi yomwe bajeti yake imadalira ndalama imeneyo, pali anthu omwe ntchito yawo ndi kudinda chidindo chimenecho, penanso pali wina yemwe amapezerapo kangachepe pambali. Simungachotse laisensi musanayankhe funso lakuti ofesi imeneyo idya chani, ndipo yankho lake lili ku unduna wa zachuma, osati wa zamalonda. Kenya inayesa njira yomwe ine ndimaikonda cha m'ma 2005 mpaka 2007, anawerenga malaisensi onse n'kupeza kuti ndi opitirira 1,300, kenako ofesi iliyonse inayenera kufotokoza chifukwa chomwe laisensi yake ikufunikira, kaya ikuteteza thanzi la anthu, chitetezo kapena chilengedwe, apo ayi ichoke. Mazana angapo anathetsedwa, ena anafewetsedwa. Mphamvu ya njira imeneyi ndi yakuti wofuna kusunga lamulo ndiye amapereka umboni, osati wofuna kulichotsa. Koma pakapanda ofesi yolondera malamulo atsopano asanatuluke, pakapita zaka malaisensi amayambanso kumera.

Ndiye kugwirizana kwenikweni kumaoneka bwanji? Kwa ine chizindikiro choyamba ndi chakuti pali mndandanda umodzi wa zinthu zoti zikonzedwe, waufupi, ndipo uli m'manja mwa ofesi ya boma yomwe ili ndi mphamvu yoitana maunduna ena iwo n'kubweradi. Unduna wa zamalonda nthawi zambiri sungalamule unduna wa zachuma, ndiye mpando umenewu umayenera kukhala pafupi ndi mtsogoleri wa dziko kapena nduna yaikulu. Rwanda inaphatikiza mabungwe angapo kukhala Rwanda Development Board cha m'ma 2008, kulembetsa kampani kunafika potheka tsiku limodzi. Vietnam inakhazikitsa lamulo latsopano la makampani lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2000, n'kuika gulu lapadera loti lizilondola kuti lamulolo likutsatidwa komanso kusaka malaisensi osafunikira kuti achotsedwe, ndipo mabizinesi olembetsa anachuluka kwambiri zaka zotsatira. M'maiko onse awiriwa ma donor analipo, anapereka akatswiri ndi ndalama, koma chiwongolero chinali ndi boma. Donor akabwera amafunsidwa kuti pamndandandawu inu mutenga chiti, osati iye kubwera ndi pulojekiti yopsa kale n'kumasaka unduna woti usaine.

Njira ina ndi yoika ndalama m'thumba limodzi. Ku Tanzania pulogalamu ya BEST, yokonza malo ochitiramo bizinesi, yomwe inayamba mu 2003 inali yotero, Denmark, Britain, Sweden ndi Netherlands anasonkha pamodzi. Ubwino wake boma limalemba lipoti limodzi m'malo mwa anayi. Kuipa kwake, thumba limodzi limayenda pa liwiro la yemwe akuchedwa kwambiri, mmodzi akakayikira kena kake ndalama zonse zimaima, ndipo misonkhano yogwirizanitsa imatha kusanduka ntchito payokha. Ine sindiona kuti thumba limodzi ndi lofunika nthawi zonse, kugawana ntchito momveka bwino ndi kuuzana zoona kumakwanira.

Nkhani ya muyeso nayo ndi yofunika. Kwa zaka zambiri maboma ndi ma donor ankagwirizana mosavuta pa chinthu chimodzi, kukwera pa mndandanda wa Doing Business wa World Bank, womwe unkasanja maiko potengera kuphweka kochita bizinesi. Unathandiza, chifukwa nduna zinayamba kufunsa kuti bwanji kwa anzathu zimatenga masiku atatu kwathu mwezi. Koma unkayeza kampani yolembetsedwa ya mumzinda waukulu, osati mayi wogulitsa pamsika kutali ndi likulu, ndiye maboma ena anaphunzira kukonza zokhazo zomwe zikuyezedwa. Mu September 2021 World Bank inasiya kutulutsa lipotilo zitadziwika kuti manambala a maiko ena anasinthidwa m'malipoti a 2018 ndi 2020, ndipo mu 2024 kunabwera lina lotchedwa B-READY. Pomwe bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, linawerengera mu 2018 kuti anthu pafupifupi 2 biliyoni, oposa 60 pa 100 alionse ogwira ntchito padziko lonse, ali m'ntchito zosalembetsedwa, ndipo mu Africa ndi oposa 85 pa 100 alionse. Muyeso wosawaona anthu amenewa ukuyeza kagawo kakang'ono.

Komanso tisamaganize kuti kufewetsa kalembera ndiye mankhwala a zonse. Ku Mexico atafulumizitsa kulembetsa mabizinesi kuyambira 2002, kafukufuku wina anapeza kuti mabizinesi olembetsa anakwera ndi pafupifupi 5 pa 100 alionse, koma ambiri anali anthu omwe kale anali pantchito n'kuyamba zawo, osati aja anali kale pageni yosalembetsa. Ku Sri Lanka ofufuza anapereka uthenga komanso kubweza ndalama zolembetsera, anthu sanasunthe, anayamba kulembetsa atapatsidwa ndalama yoonjezera pamwamba. Anthuwa si mbuli, amawerengera. Akalembetsa apindula chani? Ngati yankho ndi msonkho ndi oyendera basi, sabwera. Ngati satifiketiyo ikutsegula khomo la akaunti ya banki, ngongole, tenda ya boma yomwe imalipidwa nthawi yake, malo okhazikika osathamangitsidwa, amabwera okha. Taonani kuti zinthu zimenezi zili m'maofesi osiyanasiyana, banki yaikulu, ogula zinthu za boma, khonsolo, makhoti, ndiye pulojekiti imodzi mu unduna umodzi singazikwanitse.

Pali mpando wachitatu womwe kawirikawiri umakhala wopanda munthu woyenera. Misonkhano ya boma ndi amalonda imadzadza ndi makampani akuluakulu chifukwa ndiwo ali ndi maloya komanso nthawi, pomwe mwini kabizinesi akatseka tsiku limodzi ndiye kuti tsiku limenelo palibe cholowa. Zofuna zawo zimasiyananso, wamkulu akudandaula za msonkho wa makina ochokera kunja, wamng'ono akudandaula za woyendera yemwe amabwera mwezi uliwonse ndi chindapusa chosalembedwa paliponse, ndipo pena lamulo lovuta limakomera wamkulu chifukwa limatchinga opikisana naye. Apa donor angathandize kwambiri ndi ndalama zochepa, kulimbikitsa mabungwe a amalonda ang'onoang'ono, a amayi, a mavenda, kuti azitha kusonkhanitsa umboni, kuwerengera kuti lamulo lakuti likutidyera ndalama zingati pachaka, n'kukalankhula okha. Koma asawalipirire chilichonse mpaka bungwe kuiwala mamembala ake n'kumayang'ana donor, bungwe lomwe mamembala sasonkha kalikonse limafa pulojekiti ikatha.

Ndipo mapulojekiti akuthadi. DFID, nthambi ya thandizo ya boma la Britain, inaphatikizidwa ndi unduna wa zakunja mu 2020 bajeti ya thandizo n'kudulidwa, USAID, nthambi ya thandizo ya boma la America, inatsekedwa mu 2025 mapulogalamu ambiri n'kuima pakati. Choncho boma lisanasaine pulojekiti iliyonse ya mtundu uwu liyenera kufunsa mafunso ooneka ang'onoang'ono. Sisitimu yolembetsera bizinesi pa intaneti ikamangidwa, adzalipire seva ndi laisensi ya pulogalamuyo ndani chaka chachinayi, ndipo ndalamayo ili pamzere uti wa bajeti? Kodi sisitimuyo ikulankhulana ndi ya misonkho ndi ya khonsolo, kapena munthu adzalembanso dzina lake katatu? Antchito omwe aphunzitsidwa ndi a boma okhazikika kapena ndi a kontilakiti omwe achoke limodzi ndi galimoto za pulojekiti? Kusinthako kwalowa m'lamulo kapena kwangokhala m'kalata ya nduna yomwe nduna yotsatira ingaifafanize? Donor yemwe ali ndi mayankho a mafunso amenewa alandiridwe, yemwe alibe apemphedwe kuti abwerere akakonzenso pulani yake limodzi ndi unduna wa zachuma ndi makhonsolo, olo zitachedwetsa ndalamazo ndi miyezi ingapo.