Howard Phillips anagonja katatu, koma mfundo zake zafika m'boma

Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, pepala lovotera mtsogoleri wa dziko linali ndi anthu 17. Ambiri kuno ku Mangochi tinangofufuza nkhope zitatu kapena zinayi zomwe timazidziwa, zinazo n'kuzidumpha. Ana anga a sukulu, omwe ndimawaphunzitsa mbiri, amakonda kufunsa kuti, "Aphunzitsi, munthu akudziwa kale kuti sawina, ndiye amatayiranji ndalama zake?" Ena amafuna dzina basi. Ena amafuna kuti chipani chachikulu chidzawaitane n'kuwapatsa mpando. Koma alipo ena amene amaimira chifukwa ali ndi chiphunzitso chomwe akufuna chisafe, ndipo awa ndi ofunika kuwamvetsera kwambiri, kaya tikugwirizana nawo kaya ayi. Chitsanzo chomveka bwino ndi Howard Phillips wa ku America.

Phillips anabadwa mu 1941 ku Massachusetts m'banja la Chiyuda, ndipo anamaliza maphunziro ake pa yunivesite ya Harvard mu 1962. Ndale anayambira m'chipani cha Republican. Mu 1973 Pulezidenti Richard Nixon anamuika kuti agwirizire mpando wa mkulu wa Office of Economic Opportunity, ofesi yolimbana ndi umphawi yomwe inakhazikitsidwa mu 1964 nthawi ya Lyndon Johnson. Iye analowa mu ofesiyo ndi cholinga choti aitseke. Ankakhulupirira kuti ndalama za msonkho zikudyedwa ndi maloya ndi magulu okankha ndale zomwe iye ankadana nazo. Khoti linamuletsa, ndipo patangotha miyezi yochepa anachoka. Chaka chotsatira, mu 1974, anatuluka m'chipani cha Republican n'kuyambitsa gulu lake lotchedwa The Conservative Caucus.

M'zaka zomwezo analowa Chikhristu, ndipo anatengeka kwambiri ndi ziphunzitso za R. J. Rushdoony, yemwe ankati malamulo a dziko ayenera kuchokera m'Baibulo. Mu 1979, pamodzi ndi anzake pa ndale Paul Weyrich ndi Richard Viguerie, anathandiza kukopa mbusa Jerry Falwell kuti ayambitse gulu la Moral Majority, lomwe linamema Akhristu ambiri kuti avotere Ronald Reagan mu 1980.

Apa ndi pamene khalidwe lake limaonekera. Munthu wina akanati, tawina, tiyeni tidye nawo. Iye ayi. Mu 1981 anatsutsa Reagan posankha Sandra Day O'Connor kukhala jaji wa khoti lalikulu, ponena kuti mayiyo sadzalimbana ndi kuchotsa mimba. Mu Disembala 1987, Reagan akusainirana ndi Mikhail Gorbachev, mtsogoleri wa Soviet Union, pangano lochepetsa zida za nyukiliya, Phillips anamunena poyera kuti wasanduka chitsiru chogwiritsidwa ntchito ndi a Soviet. Mu 1990 anapita ku nyumba ya malamulo kukatsutsa David Souter, jaji wosankhidwa ndi George Bush wamkulu, pomwe anzake ambiri ankamuombera m'manja. Patatha zaka ziwiri zokha, O'Connor ndi Souter anali m'gulu la majaji omwe anateteza ufulu wochotsa mimba. Kumbali ya anthu ake, zinali zija akuluakulu amati wamisala anaona nkhondo.

Ataona kuti a Republican sadzamumvera, anayambitsa chipani cha U.S. Taxpayers Party, chomwe mu 1999 chinasintha dzina kukhala Constitution Party. Anaimira upulezidenti katatu. Mu 1992 anapeza mavoti pafupifupi 43,000, mu 1996 pafupifupi 185,000, ndipo mu 2000 pafupifupi 98,000. M'dziko lomwe ovota ankafika 100 miliyoni, sanafikepo ngakhale theka la 1 peresenti.

Chifukwa china chomwe ankagonjera chonchi ndi kayendetsedwe ka chisankho komweko. Ku America dzina la munthu sililowa kamodzi pa pepala la dziko lonse ngati mmene MEC imachitira kuno. Chigawo chilichonse mwa zigawo 50 chili ndi malamulo ake, ndipo m'zigawo zambiri chipani chaching'ono chimayenera kuyenda khomo ndi khomo kutolera masiginecha zikwizikwi. Komanso pulezidenti amasankhidwa ndi nthumwi 538, ndipo pafupifupi m'zigawo zonse amene watsogola amatenga nthumwi zonse za chigawocho. Ross Perot, yemwe anaima payekha, anapeza mavoti pafupifupi 19 peresenti mu 1992 koma sanapeze nthumwi ngakhale imodzi. Wovota akaona zotere amaopa kutaya voti yake. Kuno kwathu zinthu zinasintha khoti litagamula pa 3 Febuluwale 2020 kuti wopambana azidutsa theka la mavoti. Mu 2004 ndi mu 2014 munthu analowa m'boma ndi mavoti pafupifupi 36 peresenti, koma tsopano wa chipani chaching'ono akhoza kukakamiza chisankho chachibwereza, ndipo mavoti ake amakhala ndi mtengo. Tisaiwalenso kuti Bingu wa Mutharika ataimira United Party mu 1999 sanafike 1 peresenti, koma mu 2004 anali pulezidenti.

Nanga Phillips ankafuna chiyani? Ankafuna kuti kuchotsa mimba kuletsedwe kotheratu. Ankafuna kuthetsa msonkho wa boma lalikulu pa malipiro a anthu, kutseka unduna wa zamaphunziro, kutulutsa America mu United Nations, ndi kuimitsa thandizo lonse lopita kumayiko akunja. Mfundo yake inali yoti chilichonse chomwe malamulo oyendetsera dziko sanachitchule, boma lalikulu lisachikhudze.

Ndikudziwa kuti ambiri kuno, ku mzikiti ndi ku tchalitchi komwe, akamva zonena zake pa nkhani ya mimba ndi banja angagwedeze mutu kuvomereza. Koma werengani mpaka kumapeto. Chikalata cha mfundo za chipani chake chimayamba ndi kuvomereza Yesu Khristu ngati wolamulira wa America, n'kunena kuti cholinga ndi kubwezera malamulo a dzikolo pa maziko a Baibulo. M'boma ngati lathu lino la Mangochi, momwe anthu ambiri ndi Asilamu ndipo banja limodzi limakhala ndi wopita ku Jumu'a ndi wopita ku Misa, ndale zotere zikhoza kutigawanitsa pa maliro pomwe.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi zomwe anachita pa nkhani za kuno ku Africa. M'zaka za m'ma 1980 Phillips ankaona nkhondo iliyonse ya m'chigawo chathu ngati nkhondo yolimbana ndi chikomyunizimu. Anali mnzake wa Jonas Savimbi, mtsogoleri wa gulu la UNITA lomwe linkamenyana ndi boma la Angola, anakamuchezera ku Jamba ku Angola, ndipo anali m'gulu la omwe anakankha kuti America imuthandize. Nyumba ya malamulo ya America itachotsa chiletso chothandiza magulu omenyana ku Angola mu 1985, Savimbi analandiridwa ndi Reagan ku White House mu Januwale 1986 ndipo zida zinayamba kupita. Nkhondo ya ku Angola inatha mu 2002 Savimbi ataphedwa. Phillips ndi gulu lake ankafunanso kuti zomwezo zichitikire RENAMO ku Mozambique, ndipo ankaitchula kuti ndi gulu lomenyera ufulu.

Ife a m'malire tikudziwa mmene nkhondo imeneyo inkaonekera. Ndinakulira cha ku Namwera, ndipo ndimakumbukira amayi akutulukira kuchokera mbali ya Mandimba, mwana kumsana, mphika ndi chitenje pamutu, mapazi atang'ambika. Ankayankhula Chiyao ngati ife, ena anali abale athu enieni. Tsiku lolandira ufa, nandolo ndi mafuta ophikira, mzere unkayamba kusanache. Pofika 1992 Malawi inkasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, kuyambira ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza mpaka kuno. FRELIMO nayo inali ndi milandu yake, monga misasa yomwe inkatsekeramo anthu ku Niassa komweku. Koma mu Epulo 1988 Robert Gersony, wotumidwa ndi unduna wa zakunja wa America, atacheza ndi othawa nkhondo pafupifupi 200, ena m'misasa ya kuno ku Malawi, analemba kuti RENAMO ikhoza kukhala itapha anthu wamba okwana 100,000. Analemba za midzi yotenthedwa, anthu ogwidwa kuti azinyamula katundu, ndi ena odulidwa makutu ndi milomo.

Kunena chilungamo, boma la Reagan silinavomere kupereka zida kwa RENAMO. Omwe anailera anali Rhodesia kenako South Africa ya tsankho. Koma phokoso la anthu ngati Phillips silinapite pachabe. Mu 1987 Senator Jesse Helms anachedwetsa kwa miyezi yambiri kuvomerezedwa kwa Melissa Wells ngati kazembe wa America ku Maputo, pofuna kuti boma lizindikire RENAMO. Mtendere unadzasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, patangotsala mwezi umodzi kuti Phillips avoteredwe koyamba. Kulimba mtima kwake potsutsa anzake omwe ndimakulemekeza. Koma pa nkhani ya Mozambique analakwitsa kwambiri, chifukwa ankayang'ana mapu ali ku Washington osafunsa anthu omwe ankagona m'tchire.

Phillips anamwalira mu Epulo 2013, chipani chake chisanapezepo mpando ku nyumba ya malamulo ya dziko lonse. Koma taonani zomwe zachitika chimwalirireni. Mu Juni 2022 khoti lalikulu linafafaniza chigamulo cha 1973 chomwe chinkateteza kuchotsa mimba m'dziko lonselo. Pa 20 Januwale 2025 Donald Trump analamula kuti America ituluke mu WHO komanso kuti thandizo la kunja liyambe laima kwa masiku 90. Mu Malichi analamula kuti ayambe kutseka unduna wa zamaphunziro. Pofika 1 Julayi bungwe la USAID linali litasiya ntchito, zotsala zake zitasamutsidwira ku unduna wa zakunja. Sikuti Phillips yekha ndiye anachititsa zonsezi, ndipo Trump si wophunzira wake. Koma zinthu zomwe mu 1996 zinkamveka pakamwa pa munthu wa mavoti 185,000 lero zikusainidwa ndi chipani chomwe iye anachithawa.

Kuno zinatipeza msanga. M'Malawi muli anthu pafupifupi 1 miliyoni omwe ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo ma ARV awo amagulidwa makamaka ndi ndalama za Global Fund, thumba lomwe America ndiyo yakhala ikuikamo zambiri. Ndalama za PEPFAR, ndondomeko ya America yolimbana ndi Edzi, ndi za USAID zinkalipira oyeza magazi, olemba makadi a odwala ndi ofufuza m'midzi omwe asiya kumwa mankhwala. Ambiri mwa ogwira ntchito amenewa analandira uthenga woti ayambe akhala kunyumba lamulo lija litangosainidwa.