Regulator ikaundana, vuto lili ku madzi a mu radiyeta

Funso ili landitopetsa: "Thirakitala yanga ya gasi ikuzima, regulator yayera mbuu ndi chisanu, ndiithire madzi otentha?" Regulator ndi chipangizo chosandutsa gasi wamadzi kukhala mpweya ndi kuchepetsa mphamvu yake asanalowe mu injini. Mukaithira madziwo thirakitala ilira pang'ono, kenako izimanso, chifukwa vuto lenileni simunalikhudze n'komwe.

Mathirakitala oyendera gasi wa propane amene ndimakonza kuno ku America ndi akale, ambiri a m'ma 1950 ndi 1960: John Deere, Farmall ndi Minneapolis-Moline, yomwe inayamba kuwapanga mu 1941. Mu thanki gasiyo amakhala wamadzi, ndipo amawira pa -42°C. Kuti asanduke mpweya amayamwa kutentha kwa madzi a mu radiyeta amene amadutsa m'kati mwa regulator. Madziwo akachepa, kapena paipi yake ikatsekeka ndi dzimbiri, regulator imaundana. M'mawa kukazizira lizani injini pa valavu ya vapor (yotulutsa gasi wa mpweya), mutsegule ya liquid (yotulutsa gasi wamadzi) injini ikatentha.

Chimene chimandipwetekabe mtima ndi cha bambo wina wachikulire, kasitomala wanga wa zaka zambiri. Thirakitala yawo inkaundana, inkanunkhanso gasi, koma anadikira kuti ayambe amaliza kukolola. Atatopa anaitana makaniko wa pansi pa mtengo. Iye sanayang'ane madzi. Anapotokola zomangira za regulator, n'kuchotsa paipi ya gasi yong'aluka, n'kuikapo paipi wamba ya petulo. Paipi ya petulo! Kukatentha, mphamvu ya mu thanki imapitirira 150 psi (muyeso uja wa mphamvu ya mpweya m'matayala). Paipiyo inaphulika bambowo ali pafupi, iwo n'kuigwira kuti atseke. Gasi wamadzi amawotcha khungu ndi kuzizira kwake, ndipo dzanja linatuwa pomwepo.

Mwayi wake zinachitikira panja. Lita imodzi ya gasi wamadzi imasanduka malita pafupifupi 270 a mpweya, ndipo mpweyawo ndi wolemera, umakhazikika pansi mu shedi kudikira kamoto kakang'ono. Fungo lija anachita kuliikamo dala kuti likuchenjezeni. Mukalimva, tsekani valavu ya pa thanki tsiku lomwelo, mufufuze potuluka ndi thovu la sopo, osati machesi. Munthu wosadziwa chifukwa chake thanki imadzazidwa kulekeza pa 80 peresenti (kusiya malo oti gasi afufumire kukatentha) musamupatse sipanala.

Bambo aja ndinakawakonzera thirakitala atatuluka m'chipatala. Inali paipi yamadzi yotsekeka, ntchito ya ola limodzi. Zala zawo ziwiri sizimvabe kanthu mpaka lero.