Monet wa ndevu zoyera pa dziwe la ku Giverny

Mu 1915 Sacha Guitry, wolemba zisudzo ndi wojambula mafilimu, anapita ku Giverny, kamudzi ka m'dziko la France, kukajambula kanema wa Claude Monet, katswiri wojambula zithunzi ndi penti, ali pa ntchito. Kanemayo ndi wamfupi, wopanda mawu. Nkhalamba ya ndevu zoyera yaima m'mbali mwa dziwe, chipewa kumutu, ndudu pakamwa, ikuponya maso kumadzi n'kuwabweza pa chinsalu chojambulapo, bulashi ikungogundagunda. Zithunzi zambiri za ukalamba wake n'zotere, moti ukaziona umati bamboyu anakalamba pa mtendere. Ayi ndithu, zinali zaka zowawa.

Dziwelo si lachilengedwe. Monet anasamukira ku Giverny mu 1883, ndipo mu 1893 anagula malo tsidya la njanji n'kupatutsirako madzi a kamtsinje ka Ru. Eni mudzi anakana kwamtuwagalu, poopa kuti maluwa achilendo aipitsa madzi omwe ziweto zawo zimamwa, koma chilolezo chinatulukabe. Akakombo a m'madzi amene anabzala m'dziwemo anadzawajambula ka 250 kapena kuyandikira apo.

Kenako mavuto anatsatizana. Mkazi wake Alice anamwalira mu 1911, mwana wake Jean mu 1914, mwana wina, Michel, n'kupita ku nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Mu 1912 madokotala anam'peza ndi ng'ala m'maso onse awiri. Kwa munthu amene moyo wake wonse unali kulondola kuwala, palibe matenda ankhanza koposa awa. Mitundu inayamba kum'sokonekera, zinthu zikuoneka zofiirira, mpaka ankadalira zolembedwa pa machubu a penti kuti adziwe mtundu umene watola. Zinsalu zina ankazing'amba ndi mkwiyo. Opaleshoni anaizengereza mpaka 1923, ndipo anavomera diso lamanja lokha.

M'zaka zomwezo ndi pamene anamanga chinyumba chachikulu chogwiriramo ntchito, choloza kuwala kuchokera kudenga. Zithunzi zomwe anamutola m'menemo n'zimene zimandigwira mtima: munthu wa zaka zoposa 80 waima yekha, akuoneka wamng'ono patsogolo pa zinsalu zake za akakombo zotalika mamita 2. Amene ankamusamala, Blanche Hoschedé, mkazi wamasiye wa Jean, saonekaoneka m'zithunzimo.

Nkhondo itangotha mu Novembala 1918, Monet analembera mnzake Georges Clemenceau, yemwe anali nduna yaikulu ya France, kuti apereka zina mwa zinsaluzo ku boma. Koma anazikakamira, akuzikonzabe, mpaka anamwalira pa 5 Disembala 1926 ali ndi zaka 86. Zinakaikidwa ku Orangerie, nyumba yoonetseramo zithunzi mumzinda wa Paris, mu Meyi 1927, ndipo kwa zaka zambiri anthu okaziona anali ochepa.