Nkhope za kabuki zimene boma la Edo linalephera kufufuta

Pali chithunzi cha m'chaka cha 1794 chimene sindichiiwala. Mwamuna wasuzumira kutsogolo, kamwa wamanga, timaso tating'ono tili psu, ndipo manja awiri atulukira pachifuwa m'kati mwa chovala, zala zonse zitatambasuka ngati kabawi wofuna kukhwatula mwanapiye. Ameneyu ndi Otani Oniji III, katswiri wa zisudzo za ku Japan zotchedwa kabuki, akusewera ngati wantchito woipa mtima amene akufuna kulanda mnzake ndalama. Wojambula ndi Toshusai Sharaku, munthu amene anagwira ntchitoyi miyezi khumi yokha, n'kutulutsa zithunzi pafupifupi 140, kenako zii. Lero chithunzichi chili m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo zinthu zakale ku Tokyo ndi ku New York. Koma zithunzi zamtunduwu, zosindikiza ndi matabwa osema, sizinabadwire m'nyumba zaulemu. Zinali katundu wa pamsika, zogula anthu wamba, ndipo boma linalimbana nazo kwa nthawi yaitali.

Udani wa boma ndi kabuki unayamba kalekale. Mu 1603 mayi wina, Izumo no Okuni, anayamba kuvina ndi gulu lake pamchenga wa mtsinje wa Kamo ku Kyoto, ndipo anthu anakhamukirako. Mu 1629 boma la a Tokugawa, banja limene linkalamulira Japan lili ku Edo, linaletsa akazi kusewera, ati chifukwa cha chiwerewere ndi ndewu. Mu 1652 linaletsanso anyamata achichepere. Anatsala amuna akuluakulu okha, moti mbali za akazi zinkaseweredwa ndi amuna otchedwa onnagata. Pamaso pa akuluakulu a boma, ochita zisudzo anali anthu onyozeka, opemphapempha a m'mbali mwa mtsinje. Pamaso pa amalonda, amisiri ndi akazi awo mumzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, anali ngati mafumu. Munthu akaonera sewero ankafuna kupita kunyumba ndi nkhope ya katswiri wake, ndipo amalonda osindikiza anamupatsa zimene ankafunazo.

Dzina limene timawerenga pachithunzi ndi la wojambula, koma manja amene anachigwira ndi ambiri, ndipo ine mtima wanga uli pa wosema. Ankatenga pepala lopyapyala la wojambula n'kulimata chafufumimba pathabwa la mtengo wa cherry, kenako n'kusema pochotsa paliponse popanda mzere. Pepala loyambalo linkathera pomwepo. Tsitsi la pamphumi, timizere topyapyala kuposa ulusi, linali ntchito ya mmisiri wamkulu yekha, chifukwa mpeni ukangoterereka pang'ono thabwa lonse lawonongeka. Mtundu uliwonse unali ndi thabwa lake, ndipo m'mphepete mwa thabwa lililonse ankasemamo timipata totchedwa kento, kuti pepala likhale pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Wosindikiza analibe makina. Ankapaka utoto wosakaniza ndi phala la mpunga, kuyala pepala lonyowa pang'ono, n'kutikita ndi baren, kachipangizo kozungulira kokutidwa ndi khoko la nsungwi. Pepala limodzi linkabwerera m'manja mwake kakhumi kapena kupitirira. Luso losindikiza mitundu yambiri chonchi linakhwima cha m'ma 1765, m'nthawi ya Suzuki Harunobu. Osema ndi osindikiza ambiri mayina awo sanalembedwe paliponse, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Kuyambira 1790 chithunzi chilichonse chinkafunika chidindo cha ofufuza chisanagulitsidwe. Zidindo zomwezo, zimene zinali goli kwa osindikiza, ndi zimene lero zimathandiza akatswiri kudziwa zaka za chithunzi.

Chikwapu chenicheni chinagwa mu 1842. Nduna yaikulu Mizuno Tadakuni inkakhulupirira kuti dziko likuwonongeka ndi moyo wamanyado. Moto utapsereza nyumba ziwiri za zisudzo mu 1841, boma linapezerapo mpata wosamutsira zisudzo zonse ku Asakusa, m'mphepete mwa mzinda. Katswiri wotchuka kwambiri, Ichikawa Danjuro VII, anathamangitsidwa mu Edo chifukwa chokhala moyo wapamwamba woposa msinkhu umene lamulo linamuikira. Zithunzi za ochita zisudzo zinaletsedwa. Zotsalazo anazichepetsera mitundu ya utoto, ndipo mtengo wake sunkaloledwa kupitirira ma mon 16, ndalama yogulira mbale imodzi ya soba, chakudya cha anthu wamba chonga sipageti.

Apa m'pamene pali nkhani yokoma. Utagawa Kuniyoshi anali atayamba kale kujambula amphaka ndi nsomba zokhala ndi nkhope za akatswiri a kabuki, ndipo lamulo litabwera nzeru zoterezi zinapeza ntchito. Cha m'ma 1847 anatulutsa zithunzi zooneka ngati zokhwatchakhwatcha za ana pakhoma la nyumba yosungiramo katundu. Wofufuza akanati chiyani? Si zithunzi za ochita zisudzo, n'zokanda pakhoma chabe. Koma mayi aliyense wogula ankadziwa kuti mphuno iyi ndi ya uje, chibwano ichi n'cha uje. Mizuno anali atagwa kale pampando mu 1843, lamulo linayamba kufooka, ndipo ojambula monga Utagawa Kunisada anayambiranso kujambula akatswiri poyera, kungoti ankalemba dzina la munthu wa m'sewero n'kusiya la wosewerayo. Kubisako kunali kwa dzina lokha. Banja lililonse la zisudzo linali ndi chizindikiro chake pachovala, ndipo woona mabokosi atatu olowetsana ankadziwa kuti ameneyu ndi wa kwa Danjuro.

Mu 1854 mwana wa Danjuro wothamangitsidwa uja, Danjuro VIII, anadzipha ku Osaka ali ndi zaka zongopitirira pang'ono 30. Anali wokondedwa wa mzinda wonse, makamaka akazi. Panali mwambo wosindikiza shini-e, zithunzi zokumbukira katswiri akamwalira, ndipo pamaliro awa osema ndi osindikiza a mu Edo anatulutsa mitundu yambirimbiri, patangopita zaka 12 kuchokera pamene boma linati nkhope zotere zisaonekenso papepala. Pa zina mwa izo amugoneka monga mmene amajambulira Buddha pa imfa yake, ndipo m'malo mwa ophunzira amuzungulira akazi akulira, achikulire ndi atsikana omwe.