Mmene chithandizo cha m'dzinja cha ku Kerala chinasandukira tchuthi cha alendo

Kerala ndi chigawo chopyapyala chakummwera chakumadzulo kwa India, chopanikizika pakati pa nyanja ndi mapiri a Western Ghats. Mvula imafika kumeneko kumayambiriro kwa Juni, ndipo mwezi umene eni dziko amautcha Karkidakam, woyambira pakati pa Julaye kukafika pakati pa Ogasiti, unkadziwika kale kuti ndi mwezi wa njala ndi matenda, monga mmene Febuluwale amakhalira kwathu kuno. Chakudya chinkakhala chitatha m'nyumba, asodzi osalowa panyanja. M'mwezi umenewu ndimo mmene mabanja ankaphika phala la mpunga losakaniza ndi zitsamba, ndipo amene anali ndi kangachepe ankapita kwa vaidya, sing'anga wa Ayurveda (njira yamakolo ya ku India yochizira matenda), kuti akawakonze thupi. Asing'angawo ankaphunzitsa kuti nyengo yozizira ndi yachinyezi ndiyo imene thupi limalandira bwino mafuta amankhwala.

Luso limeneli linkayenda m'mabanja. Otchuka kwambiri anali a Ashtavaidya, mabanja achibrahmin (mtundu wapamwamba wa ansembe achihindu) amene mwana ankakhala zaka zambiri pamapazi a bambo ake akuloweza buku lakale la zamankhwala la Ashtangahridayam, lolembedwa ndi Vagbhata, asanaloledwe kugwira wodwala. Koma nzeruyi sinali ya apamwamba okha. Pamene bwanamkubwa wachidatchi Hendrik van Rheede ankasonkhanitsa zomera za m'derali m'mabuku 12 a Hortus Malabaricus, osindikizidwa ku Amsterdam pakati pa 1678 ndi 1693, mmodzi mwa anthu amene anawadalira kwambiri anali Itty Achudan, sing'anga wa mtundu wa Ezhava, umene panthawiyo unkaonedwa ngati wapansi.

Chithandizocho sichinali chopita nacho kokasangalala, ndipo apa ndi pamene alendo ambiri amasokonezeka. Pa chithandizo chotchedwa pizhichil, wodwala amagona pathabwa lalitali losema, anthu angapo n'kumafinyira pathupi pake mafuta ofunda kuchokera m'tinsalu kwinaku akumusisita. Pa navarakizhi, mpunga wa mtundu wa navara umaphikidwa mumkaka ndi madzi a mizu, n'kumangidwa m'timitolo tansalu totentha timene amathowa nato thupi lonse mpaka thukuta kamukamu. Panchakarma ndiye ndi yowawitsa: muli kusanzitsa, kutsegula m'mimba, kupopera mankhwala kumbuyo, kudontheza mankhwala m'mphuno, ngakhalenso kuchotsa magazi. Wodwala asanafike pamenepo amamwa mafuta a mkaka wa ng'ombe kwa masiku angapo, ndipo pambuyo pake amasala zambiri. Saloledwa kukhala padzuwa, kusamba madzi ozizira, kugona masana kapena kuyenda ulendo wautali. Zonsezi zimatenga masabata.

Ulamuliro wa Britain unakondera mankhwala achizungu, moti mu 1835 unatseka sukulu ya Native Medical Institution ku Calcutta, kumene kunkaphunzitsidwa zachipatala za eni dziko. Ku Kerala zinthu zinayenda mosiyanako chifukwa mafumu a ku Travancore ndi Cochin anapitiriza kuyang'anira asing'anga awo, komanso chifukwa cha P. S. Varier. Iyeyu anaphunzira Ayurveda ndi mankhwala achizungu omwe, ndipo mu 1902 anakhazikitsa Arya Vaidya Sala m'tauni yaing'ono ya Kottakkal. Anayamba kupanga mankhwala ambiri nthawi imodzi ndi kuwaika m'mabotolo, kuti wodwala asamavutikenso kukafuna mizu yekha, ndipo mu 1917 anatsegula sukulu. Popanda ntchito imeneyi, mahotela a lero akanasowa chogulitsa.

Alendo anadza mochedwa. M'zaka za m'ma 1970 achinyamata a ku Ulaya anayamba kukhamukira kugombe la Kovalam, ndipo pofika m'ma 1980 malo ena, monga Somatheeram kufupi ndi gombelo, anayamba kuphatikiza malo ogona ndi chithandizo cha sing'anga. Boma la Kerala linalengeza mu 1986 kuti ntchito zokopa alendo ndi bizinesi yofunika kuithandiza, ndipo Ayurveda inathetsa vuto limene linkasautsa eni mahotela: zipinda zinkadzaza mu Disembala ndi Januwale koma zinkakhala zopanda anthu mvula ikayamba. Mwambo wa Karkidakam unawapatsa chifukwa chabwino choitanira anthu a ku Germany, Switzerland ndi Russia m'dzinja lenilenilo.

Mkangano unabadwira pomwepo. Madokotala amene anakhala zaka zisanu ndi theka akuphunzira digiri ya udokotala wa Ayurveda yotchedwa BAMS anayamba kudandaula kuti m'mbali mwa gombe aliyense wokhala ndi tebulo ndi botolo la mafuta akulemba Ayurveda pachikwangwani, ndiponso kuti panchakarma ikugulitsidwa ya masiku atatu kwa munthu amene madzulo ake akasambira m'nyanja. Dandaulo lawo ndi loona, pakuti mankhwala otsegula m'mimba operekedwa popanda kupima wodwala akhoza kuvulaza munthu. Chodetsa nkhawa china ndi mankhwala akumwa enieniwo: kafukufuku wofalitsidwa mu magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2004 anapeza zinthu zapoizoni, mtovu, mercury kapena arsenic, m'mankhwala 14 mwa 70 a Ayurveda ogulidwa m'masitolo a ku Boston.

Dipatimenti yoona zokopa alendo ku Kerala inayankha poyambitsa ziphaso za Green Leaf ndi Olive Leaf, zimene zinkaperekedwa kwa malo okhala ndi dokotala wovomerezeka ndi zipangizo zoyenera. Boma la India nalo linakhazikitsa unduna wa AYUSH, woona za Ayurveda ndi njira zina zochizira zosakhala zachipatala chamasiku onse, mu Novembala 2014, kenaka mu 2023 linayambitsa visa yapadera ya obwera kudzalandira chithandizo chamtunduwu. Ziphaso za ku Keralazo zinkayeza nyumba, antchito ndi ukhondo, koma sizinkakakamiza hotela kubweza mlendo amene wabwera ndi masiku ochepa, ndipo kubweza wodwala wosakonzeka kusala inali mphamvu imene vaidya wakale anali nayo.