Malire a pakati pa nyanja amene tili nawo kale ku Nkhotakota

Chiyambire pamene Tanzania inayamba kumanga doko latsopano ku Mbamba Bay, boma lathu n'kudandaula kuti ntchitoyo ikukhudza madzi a Malawi, nkhani ya malire a pa nyanja ya Malawi yadzukanso pa wailesi ndi m'magulu a WhatsApp. Mawu amene akumveka kwambiri ndi akuti nyanja yonse ndi yathu. Ife a ku Nkhotakota kuno tiyenera kuwayeza kaye mawuwa, chifukwa msodzi akachoka pa gombe lathu n'kulunjika kum'mawa, amalowa m'madzi a Mozambique asanafike n'komwe tsidya lija, ndipo palibe amene amaimba mlandu munthu pa zimenezi.

Kale nyanjayi inali njira. Ngalawa za Jumbe, mfumu ya Chiswahili ya kuno, zinkawoloka kuchokera pano ndi minyanga ndi akapolo, ulendo wa ku Kilwa, pa gombe la nyanja ya mchere ya Indian Ocean. Mu 1889 Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anafika kuno n'kupangana ndi Jumbe kuti akhale kumbali ya Angelezi, ndipo mapangano ngati amenewa ndiwo anawapatsa Angeleziwo pogwira pamene anakakhala pansi ndi anzawo ku Ulaya.

Pa 1 July 1890 Britain ndi Germany anasainirana pangano limene timalitcha la Heligoland. Mtima wake unali pa kachilumba ka dzina lomweli ka ku North Sea ndi pa Zanzibar, ife tinangolowamo chodutsa. Komabe mawu ake pa nyanjayi ngomveka: malire a dera la Ajeremani, limene linadzakhala Tanganyika kenaka Tanzania, akafika pa nyanja, amatsata gombe la kum'mawa, la kumpoto ndi la kumadzulo mpaka pa mathiriro a mtsinje wa Songwe. Madzi sanapatsidwe kwa Ajeremani. Chaka chotsatira, mu 1891, pangano la Angelezi ndi Apwitikizi linaikanso malire pa gombe la kum'mawa, ndipo Likoma ndi Chizumulu zinatsalira kwa Angelezi, popeza amishoni a Anglican anali atakhazikika kale pa Likoma.

Ndiye zinatheka bwanji kuti Mozambique ikhale ndi gawo la nyanja? Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo m'mikangano ya masiku ano anthu amapadumpha. Mu 1954, ku Lisbon, Britain ndi Portugal anasainirana pangano lina losuntha malirewo kuchoka pa gombe kupita pakati pa nyanja, pa chigawo chokhacho choyang'anizana ndi Mozambique. Inali nthawi imene atsamunda ankakonza zowongolera kuchuluka kwa madzi a m'nyanja ndi a mu Shire, ntchito yoti sakanaichita Apwitikizi atayang'ana kumbali. Zilumba ziwiri zija zinakhalabe zathu, n'chifukwa chake lero Likoma ndi nthaka ya Malawi yozunguliridwa ndi madzi a Mozambique. M'panganomo analembamonso kuti anthu a mbali zonse ziwiri ali ndi ufulu wopha nsomba m'madziwo. Palibe mfumu ya m'mphepete mwa nyanja imene inasainira nawo, monganso zinalili mu 1890.

Pangano la 1954 ndi mpeni wakuthwa konsekonse. A ku Tanzania amati: ngati Mozambique inapatsidwa mpaka pakati, ife tinalakwanji? Amawonjezeranso kuti mayiko ambiri ogawana nyanja amadula pakati. A ku Malawi amayankha kuti malire aja sanasunthe okha, panafunika kukhala pansi ndi kusainirana, ndipo kumpoto pangano lotere silinachitikepo. Ine ndikaika mayankho awiriwa pa sikelo, lachiwirili limalemera.

Tanzania ili ndi umboni wake, sitingaubise. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, Tanganyika inalowa m'manja mwa Angelezi, ndipo kumpoto mbali zonse ziwiri za nyanja zinakhala za bwana mmodzi. Mapu ndi malipoti ena a boma a m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 anajambula malire pakati pa madzi, ena pa gombe. Koma mapu amajambula ndi kalaliki, pangano amasaina ndi maboma. Komanso Julius Nyerere mu 1960 ndi nduna yaikulu Rashidi Kawawa mu 1962 anavomereza m'nyumba ya malamulo ya kwawo kuti nyanjayi sinali m'malire a Tanganyika, ndipo mu 1964 mayiko a m'bungwe la umodzi wa Africa la OAU anagwirizana ku Cairo kulemekeza malire amene anawapeza polandira ufulu. Tanzania inadzanena mwa boma kuti malire ali pakati mu 1967, pamene ubale wake ndi Kamuzu unali utaipa chifukwa cha nduna za Kamuzu zimene zinathawira ku Tanzania mu 1964 ndi ubwenzi wa Kamuzu ndi South Africa ndi Apwitikizi. Naye Kamuzu anathira mafuta pamoto mu 1968 ponena kuti madera ena a ku Tanzania ngathu.

Kenaka kunakhala zii kwa zaka zambiri, mpaka 2011 pamene Malawi inapereka chilolezo chofufuza mafuta m'nyanja ku kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum. Mu 2012 mkangano unabuka poyera. Atsogoleri akale a mayiko, Joaquim Chissano wa ku Mozambique, Thabo Mbeki wa ku South Africa ndi Festus Mogae wa ku Botswana, anayesa kukhala pakati, koma zokambiranazo zinaima mu 2014 popanda chomangidwa.

Chovuta pa mbali yathu n'chakuti, potsata mawu a 1890, mayi wa ku Liuli, ku Tanzania, akamatunga madzi pa gombe la kwawo akutunga m'dziko la Malawi. Asodzi a usipa a tsidya ilo akhala akuponya chilimira m'madzi amenewo kuyambira makolo awo, ndipo ndime yowateteza, yonga ija inalembedwa ku Lisbon, pa chigawo cha kumpoto kulibe.